Fumbi la Mailesi

Ku Lwendulu, komboni ya pamgodi wa malasha ku Wanki, kudali nyumba ina imene pakhoma pake padali ovololo imodzi yokha, koma oivala adali awiri. Eni nyumbayo adali Obedi ndi mkazi wake Mailesi, makolo a Pitala, anthu a ku Ntcheu amene adabwera ndi sitima nkhondo itangotha. Obedi adayamba walowa pansi ngati anzake, koma chifuwa chidamutulutsa, ndipo m'zaka zimene tikunenazi, za m'ma 1950, ankayendetsa kavaneti ka Américo, mkulu wa ku Tete amene adali ndi sitolo pafupi ndi msika.

Obedi adali munthu wabwino, woseka ndi aliyense, koma pa chiwongolero ankayenda ngati wanyamula mazira a apongozi ake. Njinga zinkamupitirira. Abulu a Anambya, eni dera limenelo, ankamuyang'ana mwachisoni. Tsono Lachitatu lililonse ankapita kumidzi ya m'mbali mwa mtsinje wa Deka kukagula masamba ndi nkhuku za pasitolo, ndipo Mailesi ankapita nawo chifukwa ndiye ankadziwa kunenerera mitengo m'Chinambya. Dzuwa la ku Wanki mukulidziwa: silipempha chilolezo. Likangofika paliwombo, maso a Obedi ankalemera, mutu n'kumagwedera.

Tsiku lina galimoto itatsala pang'ono kupsompsona mlambe, Mailesi adati, "Bambo a Pitala, sunthani. Kufera masamba a chibwabwa ine ayi."

Kuyambira tsikulo, akangobisika kuseri kwa mapiri a phulusa la malasha, ankasinthana malo. Obedi adamuonetsa magiya ndi mabuleki, n'kugona tulo take mwamtendere. Zina zonse Mailesi adaphunzitsidwa ndi msewu. Adazindikira kuti pamchenga suchita mantha, umangolimba mtima phazi lili pansi. Adazindikira kuti pokhota, galimoto ukaisiya iterereke pang'ono imadziwongola yokha. Ndipo asanakhote ankaliza hutala kawiri, pi-pi, kuchenjeza mbuzi, mpaka chidasanduka chizolowezi cha dzanja lake. Mkaziyu ankaukonda msewuwo ndi mtima wonse. Sabata yonse ankachapa, kuphika ndi kusesa mwaye wa malasha umene sukutha, koma mumtima ankangodikira Lachitatu.

Chaka china madalaivala ndi amakanika akuda a pamgodi adagwirizana kuti pa tsiku la masewero, pambali pa mpira ndi magule, pakhalenso mpikisano wa magalimoto. Azungu adali ndi wawo kale, kumene munthu wakuda ankaloledwa kupukuta magalasi basi. Uwu udali wa m'komboni: magalimoto okalamba, omangidwa ndi mawaya, ozungulira phiri la phulusa n'kudutsa pakhwawa la mchenga. Woyang'anira adali Tobiasi, kapitawo wa kugalaja, munthu wa mawu ngati bingu. Américo atamva adaona mwayi woti dzina la sitolo yake limveke, ndipo adalowetsa kavaneti kake osafunsa n'komwe mwini chiwongolero.

M'mawa wa tsikulo Obedi adadzuka m'mimba mukuchita phokoso. Adapita kuseri, n'kubwera, n'kupitanso. Atafika kubwalo n'kuona Kingston, dalaivala wa malole a malasha, akuliza injini yake mpaka nthaka kunjenjemera, adatembenuza chiwongolero. Adaimika kavaneti kuseri kwa shedi ya malata, kumene kudalibe anthu, n'kugwira mkazi wake dzanja.

"Mayi a Pitala, ndithandizeni. Ndikakana ntchito yatha, ndikalowa ndafa. Fumbi la kuno aliyense amamanga nsalu kumaso. Ndani akudziweni?"

Zidalidi choncho. Fumbi la pamenepo lidali lakuda bii, ndipo dalaivala aliyense ankavala kapusi, magalasi aakulu ndi nsalu yophimba mphuno ndi pakamwa. Mailesi sadafune kupemphedwa kawiri. Adavula chitenje n'kumufunditsa mwamuna wake, iye n'kulowa mu ovololo. Obedi adakhala pa chitini cha mafuta kuseri kwa shediko, atafunda chitenje cha maluwa, akupemphera.

Zimene zidachitika pambuyo pake anthu a ku Lwendulu adazikamba chaka chathunthu. Kavaneti ka masamba, kamene aliyense ankakadziwa ngati kamba, kadanyamuka ngati kalumidwa ndi mavu. Pakhwawa pomwe ena adatitimira, iko kadangodutsa mchenga uli mbwee. Pokhota paphiri la phulusa kadaliza pi-pi, n'kutererekera cham'mbali, anthu n'kugwira pamtima, kenaka n'kuwongoka bwinobwino. Kingston adangodya fumbi. Mbendera itagwa, kavanetiko sikadaime. Kadapitirira mpaka kuseri kwa shedi. Khamu litathamangira kumeneko lidapeza Obedi ali mu ovololo, akupuma movutikira, nkhope atadzipaka malasha, mkazi wake ali pambali akumupepesera ndi kansalu.

Adamunyamula m'mwamba. Adampatsa chikho chonyezimira ndi mbuzi yaikulu. Mailesi adatsatira m'mbuyo atakoka mbuziyo, akumvabe kukoma kwa liwiro lija, mumtima akuti, "Tikafika kunyumba anena. Mawa auza a Américo."

Apa ndi pamene Mailesi adalakwitsa, ndipo tisamubisire chifukwa choti timamukonda. Adaganiza kuti choona chili ndi miyendo, chidzayenda chokha kukagogoda pamakomo a anthu. Adaleredwa kuti mkazi wabwino sadzitchula yekha, ndipo adaumirira pamenepo ngati nkhupakupa. Adatsimikiza mtima kuti pakamwa pake sipadzatuluka kanthu mpaka mwamuna wake atayamba yekha.

Koma ulemu ndi mowa wotsekemera, ndipo Obedi adali asadaulaweko chibadwire. Kumsika ankamupatsa mpando. Kutchalitchi adamusankha kukhala wosunga belu. Tiyi ankamwera m'chikho chija, ngakhale chinkamuotcha milomo. Poyamba anthu akamufunsa za mpikisano ankangoseka mwamanyazi. Patapita mwezi adayamba kuyankha. Patapita miyezi itatu ankachita kuimirira, manja ali m'malere, kuonetsa m'mene adakhotera paphiri paja. Choseketsa n'chakuti sankanamanso mwadala: munthuyo adafika pokhulupirira ndithu. Tsiku lina ali pakhonde adati, "Mayi a Pitala, mukadaona m'mene ndidamudulira Kingston pakhwawa!"

Mailesi adaika mbale pansi mwaulemu n'kunena kuti, "Ndidaona, bambo. Ndidali pafupi kwambiri."

Chidamupweteka koposa ndi nyimbo. Mailesi ankavina chimtali ndi amayi anzake a kumudzi, ndipo wopeka nyimbo wawo adali mnzake wapamtima, Emeliya, mkazi wa lilime lakuthwa ndi maso osaphonya kanthu. Emeliya adapeka nyimbo ya mpikisano: "Obedi, Obedi, mphepo ya ku Deka, wasiya amuna akutsokomola." Nyimboyo idagwira komboni yonse. Ndipo poti Mailesi ndiye mkazi wa ngwazi, ankamukankhira pakati pa bwalo kuti atsogolere. Iye ankavina, ankaimba, ankamwetulira.

Kenaka kudabwera chimene sadachiyembekeze. Dzina la Obedi lidafika mpaka kumidzi ya ku Deka. Lachitatu lililonse anthu ankaima m'mbali mwa msewu kudikira kuona ngwazi, ena kukwera m'mitengo. Padalibenso pobisikira posinthana malo. Américo nayenso adati galimoto ya ngwazi siyenera kulemedwa ndi anthu ambiri, masamba azikanenerera yekha Obedi. Motero Lachitatu la Mailesi lidatha. Ankaima pakhomo kuyang'ana kavaneti kakuchoka pang'onopang'ono, anthu akutamanda kuti, "Taonani kudzichepetsa! Munthu waliwiro chotere koma pamsewu ngati wansembe." Iye n'kubwerera kukatola tsache lake.

Miyezi idapita. Mailesi adayamba kuwonda, kuseka kudachepa. Tsiku lina ali pampopi ndi Emeliya, anthu ena atachoka, mnzakeyo adamuyang'ana cham'mbali.

"Iwe Mailesi, ine ndidakwerapo ngolo ya abulu ndi amuna ako kumbuyo kwathu, ndipo tidawasiya. Komanso tsiku lija ndidaona zala za dalaivala pa chiwongolero. Amuna ako sapaka mafuta onunkhira m'manja."

Mailesi adatsala pang'ono kugwetsa ndowa. "Ndiye unkadziwa? Nanga bwanji udapeka nyimbo yotero? Bwanji sudanene?"

"Ndinene ine? Ayikona! Ndikanena ine ndi miseche, ati Emeliya akupasula banja la eni. Ine ndimaimba zimene anthu aona. Adaona nsalu, adamva dzina la Obedi. Ukufuna dzina lako m'nyimbo, lionetse nkhope."

"Mkazi sadzitama, Emeliya."

"Ndiye khala choncho, mnzanga. Uzivina bwino nyimbo ya amuna ako."

Mawuwo adamuluma, koma khosi la Mailesi lidali louma. Adadikirabe. Ankati mwina pa Khirisimasi mwamunayo anena, mwina pa Pasaka chikumbumtima chimugwira. Khirisimasi idadutsa, Pasaka idadutsa, Obedi akungonenepa.

Chilimwe chitafikanso, Tobiasi adalengeza mpikisano wachiwiri. Américo adapaka kavaneti utoto wofiira n'kulembapo dzina la sitolo ndi zilembo zikuluzikulu. Kingston naye adamanga injini ina, akulumbira kuti chaka chino wina alira. Ndipo m'mawa wa tsikulo, m'mimba mwa Obedi mudakumbuka zimene mutu wake udaiwala. Adapita kuseri, n'kubwera, n'kupitanso. Pofika kuseri kwa shedi ija, ungwazi wonse udali utasungunuka.

"Mayi a Pitala," adatero ndi mawu aang'ono, akuvula ovololo, "monga mwa chaka chatha."

Mailesi adalandira ovololo n'kuvala. Adamufunditsa chitenje. Obedi adamupatsira kapusi ndi nsalu yakumaso, koma iye adangotenga magalasi okha, n'kumanga bwino duku lake lachikasu. Ankadziwa chimene akuika pachiswe: mwamuna wake akhoza kusekedwa komboni yonse, ntchito ikhoza kutha, ndipo iye mwini akhoza kubwezedwa pamzere pamaso pa anthu. Koma ankadziwanso kuti akamanga nsaluyo lero, adzaimanga mpaka kumanda.

"Bambo a Pitala, ndakudikirani chaka chathunthu kuti munene. Sindikukwiyirani. Cholakwa n'changa, ndidakusenzetsani mawu anga. Lero ndiyendetsa, koma nkhope ili pamtunda."

"Mayi, anthu atiseka!"

"Atiseke. Kuseka sikuthyola fupa."

Adaliza galimoto n'kutuluka kuseri kwa shedi, kulunjika pamzere woyambira. Anthu adayamba kuimba "Obedi, Obedi," koma nyimboyo idafera m'kamwa mmodzimmodzi, kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo. Pa chiwongolero padali duku lachikasu. Mailesi adaima pakati pa Kingston ndi lole ina, n'kuzimitsa injini kuti amveke.

Tobiasi adabwera mbendera ili m'manja, maso ali tong'o. "Hawu! Mfazi? Mkazi pa chiwongolero? Mayi, mwasokera. Chimtali chili uko. Amuna anu ali kuti?"

Américo naye adafika akupukuta thukuta. "Mayi a Pitala, galimoto yanga iyi! Obedi wadwala?"

Mailesi adatsika. Adaimirira pachitsulo chokwerera kuti aliyense amuone, ndipo mawu amene adawasunga chaka chonse adatuluka okwanira bwino.

"A Tobiasi, a Américo, ndi inu nonse. Chaka chatha amene adayendetsa galimoto iyi ndine, Mailesi. Pakhwawa ndidali ine, paphiri ndidali ine. Ndidabisala kunsalu chifukwa cha manyazi. Lero ndabwera ndi nkhope yanga, ndipo ndikupempha malo anga pamzere."

Phokoso lidaphulika. Ena adaseka, ena adakuwiza, amuna ena adati dzuwa lamuzungulitsa mutu. Kingston adatulutsa mutu pawindo n'kunena kuti iye sadagonjepo kwa mkazi ndipo sangapikisane ndi mkazi. Tobiasi adakweza dzanja kuti amubweze.

Pamenepo khamu la kumbali ya shedi lidayamba kupatuka, kuseka kukukulirakulira. Obedi ankabwera. Adali atafunda chitenje cha maluwa kuyambira m'khwapa mpaka m'mawondo, nsapato zazikulu kumapazi, m'manja atanyamula chitsulo chopukusira injini. Adayenda pang'onopang'ono, monga mwa kayendetsedwe kake, mpaka kutsogolo kwa kavaneti.

"A kapitawo," adatero, "chitenje ichi ndi chachiwiri kuchivala. Chaka chatha ndidachivalanso, nditakhala pa chitini kuseri uko, ndikupemphera. Mapemphero adali anga, koma liwiro lidali la mayiwa. Asiyeni apite. Ine ntchito yanga ndi iyi."

Adalowetsa chitsulo, n'kupukusa kamodzi, injini n'kulira. Anthu adagwa nacho chiseko mpaka ena kukhala pansi, koma sichidali chiseko chonyoza. Munthu wodziseka yekha amalanda anthu zida. Ntchembere za chimtali, Emeliya ali patsogolo, zidayamba nthungululu. Américo adayang'ana khamu lonselo likuloza galimoto yolembedwa dzina la sitolo yake, ndipo nzeru za malonda zidamubwerera msanga.

"Galimoto ndi yanga," adatero, "ndipo dalaivala wanga ndi ameneyu."

Tobiasi adakanda m'mutu. Lamulo loletsa mkazi padalibe, chifukwa padalibe amene adalotapo kuti lingafunike. "Chabwino," adabangula. "Pakamwa sitingaweruze. Msewu ndiwo unene. Kingston, ukaopa tsika. Basopo nonse, chokani kutsogolo!"

Kingston sadatsike. Mbendera idagwa.

Abale, tsiku limenelo Mailesi adayendetsa ngati munthu amene wamasulidwa m'ndende. Mphepo inkamumenya kumaso kopanda nsalu, fumbi linkalowa m'mano, iye akuseka yekha. Pakhwawa malole awiri adatitimira, kavaneti kofiira n'kudutsa pakati pawo. Kingston adali patsogolo ndi injini yake yatsopano, koma duku lachikasu lidamukakamira kumsana. Atafika pokhota paphiri la phulusa, pamaso pa khamu lonse, padamveka pi-pi, galimoto n'kutererekera cham'mbali, n'kuwongoka bwinobwino.

Bwalo lonse lidaimirira. "Ndi yemweyo! Ndi yemwe uja wa chaka chatha!" Amuna omwe ankakuwiza aja ndiwo adayamba kuponya zipewa m'mwamba. Obedi ankadumphadumpha m'chitenje chake akukuwa kuti, "Mkazi wanga ameneyo! Ndidamuphunzitsa ndine magiya!" Ndipo apa, kwa nthawi yoyamba m'chaka chonse, ankanena zoona.

Pomaliza injini yatsopano idaposa yakale. Kingston adadutsa mbendera, mphuno ya kavaneti ili pa tayala lake lam'mbuyo. Adatsika n'kupita kwa Mailesi amene nkhope yake idali bii, maso okha ndi mano zikuwala. Adavula kapusi.

"Mayi, chaka chatha mudandidyetsa fumbi, chaka chino mwandikalambitsa. Chaka chamawa mubwerenso, ndapota nanu. Kupambana popanda inu sikungakome."

Chikho cha chaka chimenecho chidapita kwa Kingston, koma amene adanyamulidwa m'mwamba ndi Mailesi. Amayi a chimtali sadalole amuna kumukhudza. Adamusenza okha mpaka pabwalo la gule. Emeliya sadavutike kupeka nyimbo ina. Adangochotsa dzina limodzi n'kuikapo lina, ndipo idakhala bwino ngati kuti idasokedwera iyeyo: "Mailesi, Mailesi, mphepo ya ku Deka." Mwini dzina adalowa pakati ali mu ovololo, n'kuvina mpaka fumbi kukwera kuposa madenga, misozi ikulemba mizere pamasaya akuda.

Madzulo dzuwa lisadalowe, ali pakhonde, Obedi adatuluka m'nyumba atanyamula chikho cha chaka chatha ndi manja awiri, tiyi akufuka nthunzi. Adagwada pang'ono, mwanthabwala koma maso ali onyowa, n'kuchiika m'manja mwa mkazi wake.

"Mayi a Pitala, chikho chanu. Chimaotcha milomo, musamale."

Lachitatu lotsatira kavaneti kofiira kadatuluka m'komboni masanasana, Mailesi ali pa chiwongolero, Obedi ali pambali akugona tulo take mosabisa. Pamphambano padaima Felismina, mwana wamkazi wa Américo, amene adakakamira bambo ake mpaka kumulola kuti akaphunzire kuyendetsa. Chaka chotsatira pamzere woyambira padali maduku awiri.

Emeliya ankakonda kuikamba nkhaniyi pampopi, ndipo nthawi zonse ankaimalizira pamodzimodzi. Ankati mnzakeyo adataya chaka chathunthu ataima m'mphepete mwa bwalo, kudikira kuti wina amuvinire gule wake, pomwe miyendo adali nayo. Mwamuna ankamukonda, mnzake ankadziwa zonse, koma padalibe amene akadamutchulira dzina iye mwini ali chete. Akuluakulu sadaname: pagule, fumbi ndiwe mwini.